Tikiti yotchipa ya ku London: mtengo umachokera kuti, nanga ndege ikakutsitsani pati?

Anthu awiri akhoza kukhala moyandikana m'ndege imodzi, kudya chakudya chofanana, kutera nthawi imodzi, koma wina atalipira pafupifupi kawiri ndalama za mnzake. M'bale wanu wa ku Dublin amalemba pa Facebook kuti wapita ku London ndi mapaundi 20, pomwe inu ejenti wa ku Lilongwe wakuuzani mtengo wozungulira madola 1,000 kapena kuposa. Palinso ena amene amasangalala kuti aipeza yotchipa, n'kukatera usiku pa bwalo la dzina la London koma lili makilomita 60 kuchokera mumzindamo, sitima zitaweruka kale. Zonsezi zili ndi zifukwa zake, ndipo munthu akazimvetsa amasiya kuyang'ana nambala yoyamba imene yaoneka pa foni. Amayamba kuwerengera ulendo wonse, kuchokera pakhomo pake mpaka pakhomo pomwe akukagona.

Chifukwa chiyani mtengo sukhala malo amodzi

Minibasi ya pa depoti ikapanda kudzaza imadikira, kondakitala n'kumakuwabe mpaka mpando womaliza utapeza mwini. Ndege ilibe mwayi umenewo. Nthawi ikakwana imanyamuka, ndipo mpando umene wapita wopanda munthu ndalama yake yatayika mpaka kalekale. Choncho kampani imafuna zinthu ziwiri zolimbana: kudzaza ndege, komanso kusagulitsa motchipa mpando umene munthu wina akanaugula modula.

Njira yake ndi kugawa mipando m'magulu amitengo. Gawo la anthu wamba lomwelo, la mipando yofanana, limakhala ndi mitengo yoposa khumi, uliwonse ndi chilembo chake monga Y, M kapena Q. Mipando ya gulu lotchipitsitsa imakhala yochepa. Ikatha, kompyuta imatsegula gulu lotsatira, ndipo inu mumaona ngati mtengo wakwera usiku umodzi. Tsiku la ulendo likamayandikira magulu otchipa amatsekedwa dala, chifukwa kampani ikudziwa kuti wogula mochedwa nthawi zambiri ndi wa ntchito kapena wa zovuta, amene sangachitire mwina. N'zopweteka kunena, koma munthu wothamangira maliro ndi amene amalipira kwambiri.

Kale sizinali chonchi. Maboma ndi amene ankavomereza mitengo ya ndege komanso kunena kampani yoyenda njira iliyonse. Dziko la America linamasula msika wake mu 1978, makampani atsopano otchipa anabuka, ndipo American Airlines, motsogozedwa ndi Robert Crandall, inayankha m'zaka za m'ma 1980 pogwiritsa ntchito makompyuta kugulitsa mipando ina motchipa kwa ogula msanga, ina n'kuisungira ogula mochedwa. Lero pafupifupi kampani iliyonse imachita zomwezo.

Nyengo nayo imalowapo. July ndi August ana a sukulu ku Ulaya amakhala pa tchuthi, September ophunzira amathamangira ku mayunivesite, ndipo pakati pa December abale athu okhala kunja amabwera kudzadya Khirisimasi kumudzi. Miyezi imeneyi magulu otchipa amatha msanga. Kumapeto kwa January mpaka March, komanso November, zinthu zimapepukirako. Kusuntha ulendo ndi tsiku limodzi kapena awiri nthawi zina kumatsitsa mtengo kuposa nzeru ina iliyonse.

Ndege za mapaundi 20 zija

Izi ndi za makampani monga Ryanair ya ku Ireland, easyJet imene Stelios Haji-Ioannou anayambitsa mu 1995 pa bwalo la Luton, ndi Wizz Air ya ku Hungary. Anakula chifukwa mayiko a European Union anachotsa malire pa msika wa ndege pang'onopang'ono mpaka kumaliza mu 1997. Kuyambira pamenepo kampani ya dziko limodzi la mgwirizanowu inaloledwa kuyenda njira iliyonse m'mayiko onsewo, pa mtengo umene yafuna. Nzeru yake anaitengera kwa Southwest ya ku America: ndege za mtundu umodzi kuti amakanika ndi oyendetsa asavutike, mipando yothinana, ndege kutera n'kunyamukanso pasanathe ola, ndi kutera pa mabwalo akutali omwe salipiritsa kwambiri.

Chomwe mwagula ndi mapaundi 20 ndi mpando ndi kachikwama kolowa pansi pa mpando wakutsogolo kwanu, basi. Sutikesi mulipira. Kusankha pokhala mulipira. Madzi akumwa mugula. Mukafika pa bwalo musanadzilembetse pa intaneti kuti mwabwera, amakulipiritsani ndalama yomwe nthawi zina imaposa tikiti yeniyeniyo. Ena amati kumeneku n'kubera anthu mochenjera, ena amati n'chilungamo chifukwa aliyense akulipira zokhazo zimene wagwiritsa ntchito, ndipo wophunzira wa kachikwama kamodzi sakulipirira masutikesi a mnzake. Mbali zonse zili ndi mfundo. Chofunika kwa ife n'chakuti makampani amenewa amayenda maulendo afupiafupi, a maola awiri kapena anayi. Kuno kwathu safika.

Nanga tikiti yochokera kwathu imaduliranji?

Palibe ndege yonyamuka ku Lilongwe kapena ku Chileka n'kukatera ku London osaima pena. Inalipo: m'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inkapita ku Gatwick ndi ndege ya mtundu wa VC10. Ku Zambia, British Airways inasiya njira ya Lusaka mu 2013. Lero wochokera ku Malawi amadzera pa bwalo lalikulu la kampani ina: ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, ku Nairobi ndi Kenya Airways, kapena ku Johannesburg komwe British Airways ndi Virgin Atlantic zimanyamuka kulunjika ku London. Malawi Airlines, imene boma lili ndi gawo la 51 pa 100 ndipo Ethiopian ili ndi 49, imayenda m'chigawo chino chokha.

Pomwe makampani opikisana ali ochepa mtengo sutsika msanga. Onjezeranipo mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000, misonkho ya mabwalo onse amene mwadutsa, ndi msonkho wa boma la Britain wotchedwa Air Passenger Duty, umene unayamba mu 1994 ndipo umalipidwa ndi munthu wonyamuka m'dzikolo, wochuluka pa maulendo aatali. Zonsezi zimabisala m'kati mwa mtengo wa tikiti. Ndiye pali vuto lathulathu la ndalama zakunja. Matikiti amawerengedwa m'madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, tikiti yomweyo inakwera m'makwacha tsiku limodzi ngakhale kampani sinasinthe kalikonse. Madola akamasowa m'mabanki, makampani amavutika kutumiza kwawo ndalama zimene agulitsa m'makwacha, ndipo ogula amakumana ndi ziletso zosiyanasiyana. N'chifukwa chake mabanja ambiri amapempha wachibale wa kunja kuti agule ndi khadi lake.

Ena amayerekeza ndi mabwalo a mayiko oyandikana nawo. Ku Lusaka kumatera Emirates ndi Qatar Airways, ndiye mpikisano ulipo, ndipo kwa munthu wa ku Chipata kapena Mchinji si kutali kwenikweni. Wa ku Karonga angayang'anenso Dar es Salaam. Koma basi, malo ogona ndi tsiku lathunthu la pamsewu ziyenera kulowa m'masamu. Ndipo pali lamulo limodzi limene lagwetsa anthu ambiri: mukapanda kukwera gawo loyamba la tikiti yanu, kampani imafufuta magawo onse otsala, ngakhale ulendo wobwerera. Simungagule tikiti yoyambira ku Lusaka n'cholinga chokaikwerera pa Addis Ababa.

Tikiti imodzi kapena matikiti awiri

Apa ndi pomwe ndikufuna tidekhe, chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pamenepa. Ulendo wa Lilongwe, Nairobi, London ukakhala pa tikiti imodzi, kampani yalonjeza kukufikitsani ku London. Katundu wanu mumamupereka ku Lilongwe n'kukamulandira ku London. Ndege yoyamba ikachedwa inu n'kuphonya yachiwiri, ndi udindo wa kampani kukuikani pa ina popanda kulipiranso.

Masamba ena a pa intaneti amalumikiza matikiti awiri a makampani osagwirizana n'kuwaonetsa ngati ulendo umodzi wotchipa. Mwachitsanzo, ndege yaikulu yokufikitsani ku Rome, kenako Ryanair yokuolotsani kupita ku London. Mtengo umaoneka wokoma. Koma pa bwalo la pakatipo muyenera kutuluka, kudutsa kwa a zolowa ndi kutuluka, kutenga katundu wanu, n'kukamuperekanso ku kampani yachiwiri. Kudutsa pamenepo ndiye kuti mwalowa m'dzikolo, ndipo mwini pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Mozambique amafunika viza ya Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi) kuti alowe ku Italy. Viza ya Britain sigwira ntchito kumeneko, chifukwa Britain sali m'gulu la Schengen. Wopanda vizayo akhoza kukanizidwa kukwera ndege yoyamba pomwe pano. Ngakhale viza ilipo, ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri imapita ndi ndalama zanu, ndipo masutikesi awiri a makilogalamu 23 amene makampani a njira za ku Africa amakonda kulola mudzawalipira padera pa ndege yotchipayo.

Sindikunena kuti matikiti awiri ndi oipa nthawi zonse. Kwa munthu wokhala kale ku Ulaya, wa mapepala okwanira ndi kachikwama kamodzi, amathandiza. Kwa mayi amene akukwera ndege koyamba kukaona zidzukulu, atanyamula ufa ndi usipa, tikiti imodzi ndiyo yomuteteza.

Za chipepeso nazo n'zofunika kuzidziwa. Lamulo la European Union la mu 2004, limene Britain analisunga atatuluka mu mgwirizanowo, limati ndege ikakuchedwetsani maola atatu kapena kuposa pa chifukwa cha kampani, muyenera kupepesedwa ndi ndalama, mpaka mapaundi 520 pa ulendo wautali. Likhudza ndege iliyonse yonyamuka ku Britain, koma kwa ndege zolowa limagwira makampani a ku Britain ndi a European Union okha. Ndiye mukakwera Ethiopian kapena Kenya Airways, lamuloli limakutetezani pobwerera, osati popita. Nyengo yoipa ndi zina zoposa mphamvu ya kampani siziwerengedwa.

Osaka ndi ogulitsa

Skyscanner, imene inayambira ku Edinburgh, Google Flights ndi Kayak ndi masamba osakira chabe. Amakuonetsani mitengo n'kukutumizani kwa wogulitsa, amene akhoza kukhala kampani ya ndege yeniyeni kapena ejenti wa pa intaneti wa dziko lina. Ubwino wake ndi woti amaonetsa mitengo ya mwezi wonse ndipo amakudziwitsani mtengo ukasintha. Koma zinthu zikavuta, kampani ya ndege imakubwezani kwa amene anakugulitsani. Ejenti wa ofesi ya mu tawuni mukhoza kumupeza pamaso. Wa pa intaneti mumalankhula naye pa foni ya kunja. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa, anthu ambiri ozolowera maulendo amasakira pa masambawa n'kukagula ku kampani yeniyeni. Dzina pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Ndipo boma la Britain silifuna kuti mugule tikiti musanapemphe viza, choncho kugula tikiti yosabweza ndalama yankho lisanatuluke n'kudziika pachiswe popanda chifukwa.

London ali ndi mabwalo 6

Pa tikiti pamakhala zilembo zitatu, ndipo zimenezo ndi zimene zikuuzeni komwe mukatsikire. LHR ndi Heathrow, chakumadzulo, makilomita pafupifupi 25 kuchokera pakati pa mzinda. LGW ndi Gatwick, kummwera, pafupifupi 45. LTN ndi Luton, kumpoto, pafupifupi 50. STN ndi Stansted, kumpoto chakummawa, pafupifupi 60, ndipo ndi kumene Ryanair ili ndi ndege zambiri. SEN ndi Southend, kummawa kufupi ndi nyanja. LCY ndi London City, kabwalo kakang'ono ka m'kati mwa mzinda komwe kamatumikira kwambiri anthu a bizinesi. Mchitidwe wopatsa bwalo lakutali dzina la mzinda waukulu suli ku London kokha: Beauvais ali makilomita oposa 80 kuchokera ku Paris, Charleroi pafupifupi 50 kuchokera ku Brussels.

Heathrow ndi wodula chifukwa ndi wodzaza. Ali ndi misewu iwiri yokha yoterapo ndege, ndipo chilolezo chotera ndi kunyamuka pa ola linalake chimagulitsidwa pakati pa makampani ngati malo a nyumba. Mu 2016 zinamveka kuti Oman Air inalipira madola 75 miliyoni kugula nthawi imodzi yotera m'mawa ndi yonyamuka yake. Makampani otchipa sangapirire zimenezo. Ochokera ku Africa ambiri amatera ku Heathrow, Ethiopian pa Terminal 2, Kenya Airways pa Terminal 4, koma makampani onse awiri ayambanso kutera ku Gatwick masiku ena. Wokuchingamirani muuzeni bwalo lenileni. Pakati pa Heathrow ndi Gatwick pali ulendo woposa ola pa basi.

Kuchoka pa bwalo kulowa mu mzinda

London alibe malo amodzi oti apa ndiye pa depoti. Sitima za bwalo lililonse zimakafikira siteshoni yakeyake: za Heathrow ku Paddington, za Gatwick ku Victoria kapena London Bridge, za Stansted ku Liverpool Street, za Luton ku St Pancras. Choncho funso loyamba ndi lakuti mukukagona mbali iti.

Ku Heathrow njira za sitima zilipo zitatu. Heathrow Express, imene inayamba mu 1998, imatenga mphindi 15 kufika ku Paddington, ndipo tikiti yogula tsiku lomwelo imazungulira mapaundi 25. Zikwangwani zake ndi zomwe zimaonekera kwambiri mukangotuluka, ndiye mlendo amaganiza kuti njira ndi yomweyo. Sitima ya pansi panthaka ya Piccadilly, imene inafika pa bwaloli mu 1977, imatenga pafupifupi mphindi 50 kufika pakati pa mzinda ndipo mtengo wake sufika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a Express. Ndi yothina, ndipo masiteshoni ena akale ali ndi masitepe opanda chikepe, zomwe n'zowawa kwa munthu wa masutikesi awiri. Pakatikati pali Elizabeth line, imene inatsegulidwa mu 2022: mphindi pafupifupi 30 kufika ku Paddington, mabogi aakulu, zikepe pa masiteshoni, ndipo imapitirira kudutsa mzinda wonse mpaka kummawa osasintha sitima. Kwa wa katundu wambiri ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo yogwirizana ndi ndalama yake. Wotsikira pa Terminal 4 adziwenso kuti Express siima pamenepo, pomwe zina ziwirizi zimaima.

Ku Gatwick nkhani ndi yofanana. Gatwick Express imatenga theka la ola kufika ku Victoria, koma sitima za Southern ndi Thameslink zimayenda pa njanji yomweyo, zimachedwerapo mphindi zochepa, ndipo n'zotchipirapo. Ku Stansted sitima imatenga pafupifupi mphindi 50. Ku Luton siteshoni ili kunja kwa bwalo, ndipo kuyambira 2023 kasitima kotchedwa DART ndi komwe kamalumikiza ziwirizi. Mabasi a National Express amanyamuka pa mabwalo aakulu onsewa kupita ku Victoria Coach Station, otchipa makamaka mukagula msanga, koma amakodwa m'mizere ya magalimoto. Apa ndi pomwe tikiti ya mapaundi 20 ija imaonekera bwino: sitima yopita ndi kubwera ku Stansted ikhoza kudula kuposa ndegeyo.

Kalipiridwe kamasokoneza alendo ambiri. Mabasi ofiira a mu London salandira ndalama za m'manja kuyambira 2014. Mumagunditsa khadi pa kachipangizo kachikasu, kaya khadi la kubanki kaya la Oyster, khadi lolipirira sitima ndi mabasi a mu London limene linayamba mu 2003. Pa sitima mumagunditsa polowa ndi potuluka, khadi lomwelo, ndipo munthu aliyense akhale ndi lake. Mukaiwala potuluka amakudulani mtengo wapamwamba. Khadi la banki ya kwathu likhoza kukana kapena kukhala ndi malire a ndalama zakunja, ndiye funsani ku banki musananyamuke. Likakana, Oyster imagulidwa pa makina a pa siteshoni ya Heathrow pomwepo. Imagwira ntchito mpaka ku Gatwick, koma ku Stansted siifika.

Usiku zinthu zimasintha. Sitima zambiri zimaima pakati pa usiku mpaka cha m'ma 5 koloko m'mawa, kupatula Piccadilly usiku wa Lachisanu ndi Loweruka. Ku Heathrow kuli basi ya usiku ya N9. Takisi yakuda yochokera ku Heathrow imadya mapaundi 60 kapena kuposa, nthawi zina kufika 100, ndipo kuchokera ku Stansted kapena Luton ndi zoposa pamenepo. Munthu akakuyandikirani m'holo n'kumakunong'onezani za takisi, mukaneni: lamulo la kumeneko limalola takisi yakuda yokha kunyamula munthu osaitanitsa, zina zonse zimaitanitsidwa pa foni kapena ku ofesi.

Ndipo tisaiwale kuti Amalawi ambiri amene amati akupita ku London kwenikweni akupita ku Leeds, Nottingham, Manchester kapena Glasgow. Oterowo safunika kulowa mu mzinda n'komwe. Mabasi aatali amanyamuka pa Heathrow pomwepo, ndipo Ethiopian imateranso ku Manchester.

Zomwe sizinathe kukambidwa

Pali mphekesera yakale yakuti mukasaka tikiti kangapo pa foni imodzi, kampani imakuzindikirani n'kukweza mtengo. Makampani amakana, ndipo kutha kwa magulu otchipa kuja kumakwanira kufotokoza zambiri zimene anthu amaona. Koma pano makampani ena ayamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu a nzeru za makompyuta poika mitengo, ndipo aphungu ena ku America afunsa kale ngati tsiku lina mtengo sudzayamba kutengera munthu amene akugula. Malire ake adzaikidwa ndi ndani?

Ku Ulaya kuli kukokanakokana pa chikwama cha m'manja. Mu 2025 aphungu a European Union ananena kuti akufuna kuti kasutikesi kakang'ono kazilowa ulere, makampani otchipa n'kuyankha kuti zikatero akweza tikiti ya aliyense. Pa mabwalo, boma la Britain linanena mu 2025 kuti likugwirizana ndi msewu wachitatu wa ndege ku Heathrow, ndipo linavomereza kuti Gatwick izigwiritsa ntchito msewu wake wachiwiri. Ochirikiza akuti malo akachuluka mpikisano ukula. Otsutsa akunena za phokoso, utsi, midzi yoti igumulidwe, komanso kuti ndalama zomangira zidzabwerera pa tikiti. Ngati malo atsopanowo apezeka, kodi adzapita ku njira za ku Africa, kapena ku New York ndi Dubai komwe kuli ndalama zambiri?

Funso lomaliza ndi la kwathu kuno. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro, mzinda wa ku Ivory Coast, mu 1999 kuti amasule msika wa ndege, ndipo mu 2018 African Union inakhazikitsa msika umodzi wa ndege wa kontinenti yonse. Papepala ndi zofanana ndi zimene Ulaya anamaliza mu 1997, koma maboma ambiri akutetezabe makampani awo ndipo misonkho ya pa mabwalo ikadali yokwera. Gawo lalifupi la Lilongwe kupita ku Nairobi kapena Johannesburg ndi limene limadula kwambiri mukawerengera pa kilomita. Kodi msika ukamasukadi mtengo wa gawo limenelo udzatsika, kapena okwera ndege kwathu ndi ochepa kwambiri moti makampani atsopano sangabwere?